Yakale ija, Vigo kapena Revo? Werengani mphamvu ya pikapu musadataye mpamba

Amene mumaoda tomato ku Jenda, kachewere ku Tsangano, kabichi ku Lizulu kapena usipa ku Mangochi mukudziwa kuti phindu limayamba kudyeka katundu asadafike pamsika, pamene mwini galimoto watchula mtengo wa hayala. N'chifukwa chake geni ikayamba kuyenda bwino, ambiri amaganiza zogula pikapu yawoyawo, kaya payekha kaya mosonkherana pagulu.

Mukafika kwa wogulitsa, mawu oyamba amakhala otamanda liwiro: iyi imanyamuka ngati mphepo, iyo njakale, siyenda. Ena agulapo galimoto yodula chifukwa cha mawu otere, kenaka n'kuzindikira kuti ndalama yooda katundu yathera pa mphamvu imene saigwiritsa ntchito. Ena athawira yotchipa, koma ikadzaza matumba imakalephera chitunda, tomato n'kufika pamsika ogula atabalalika. Onsewa alakwitsa chinthu chimodzi: sadawerenge manambala a galimotoyo molingana ndi ntchito yawo.

Sabata ino tiphunzira kuwerenga manambalawo. Titenga chitsanzo cha Toyota Hilux chifukwa ndi pikapu imene mibadwo yake ingapo ikuyendabe pamodzi m'misewu yathu, ndipo n'kosavuta kuiyerekeza. Njira yowerengerayi mungaigwiritsenso ntchito pa Isuzu, Ford Ranger kapena Nissan.

Manambala atatu oyenera kuwadziwa

Nambala yoyamba ndi ya mphamvu ya injini, imene imalembedwa kuti kW. Ena amaitchula m'mahatchi. Kuti musinthe kW kukhala mahatchi, chulukitsani ndi 1.36. Choncho injini ya 110 kW ndi ija amati ya mahatchi 150, ndipo ya 150 kW ndi ya mahatchi 204. Nambalayi imakuuzani liwiro limene galimoto ingakwere nalo chitunda kapena kupitirira nalo inzake.

Yachiwiri ndi mphamvu yopotokola, imene amakaniko amati torque, ndipo imalembedwa kuti Nm. Ganizirani munthu amene akumasula nati ya tayala ndi sipanala: mphamvu imene akukankhira sipanalayo ndiyo yopotokola. Pa galimoto, iyi ndi imene imanyamutsa katundu pamalo, galimoto ikaima pachitunda kapena m'matope. Chofunikanso ndi kudziwa pamene mphamvuyi imabwera. Injini imene imapereka mphamvu yake yonse ikuzungulira pang'onopang'ono, monga maulendo 1,600 pa mphindi, safuna kuti dalaivala aziponda mafuta kwambiri kapena kusinthasintha magiya.

Yachitatu ndi masekondi amene galimoto imatenga kuchoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola. Iyi ndiyo imene ogulitsa amaikonda. Dziwani kuti poyesa nambalayi galimoto imakhala yopanda katundu, pamsewu wosalala, matayala ndi injini zili zatsopano. Inu simudzayenda choncho tsiku lamsika.

Mibadwo inayi imene ili pamsewu

Hilux idayamba kupangidwa m'chaka cha 1968. Zambiri zimene timaziona kuno zidapangidwa ku Japan, ku Thailand kapena ku fakitale ya ku Prospecton, mumzinda wa Durban ku South Africa. Mphamvu ya injini imasiyana pang'ono malinga ndi dziko limene galimotoyo idapangidwira, choncho manambala ali m'munsiwa ndi a galimoto zimene zimapezeka kwambiri kuchigawo chino cha Africa.

M'badwo wa 1988 mpaka 1997 ndi uja wa thupi lamakona. Za dizilo zinkakhala ndi injini ya malita 2.4 yotchedwa 2L kapena ya malita 2.8 yotchedwa 3L, zambiri zopanda turbo. Injini ya 3L siifika 70 kW ndipo mphamvu yake yopotokola siifika 200 Nm. Pampu yake yamafuta njachikale, yosadalira kompyuta.

M'badwo wa 1997 mpaka 2005 udabwera ndi injini ya malita 3.0 yotchedwa 5L, yopandanso turbo, ya mphamvu pafupifupi 70 kW ndi 200 Nm. Udabweranso ndi ya turbo imene ambiri amaidziwa kuti KZ-TE, ya 85 kW ndi 315 Nm. Onani kuti kW idangokwera ndi 15, koma mphamvu yopotokola idakwera ndi yoposa theka. Apa m'pamene madalaivala adayamba kumva kusiyana pokwera chitunda.

M'badwo wa 2005 mpaka 2015 ndi umene timautcha Vigo, dzina lochokera ku Thailand, kapena D-4D potengera injini yake. Ya malita 2.5 idayamba ndi 75 kW, zina zili ndi 200 Nm pamene zina 260 Nm, ndipo m'zaka zotsatira kudabwera yamphamvuko ya 106 kW ndi 343 Nm. Ya malita 3.0 ya ku South Africa ili ndi 120 kW ndi 343 Nm. Kudalinso za petulo: ya malita 2.7 ya 118 kW ndi 241 Nm, komanso V6 ya malita 4.0 ya 175 kW ndi 376 Nm.

M'badwo woyamba mu 2015 ndi Revo, umene ena amautcha GD-6. Ya malita 2.4 ili ndi 110 kW, ndipo mphamvu yopotokola ndi 343 Nm pa ya magiya asanu kapena 400 Nm pa ya magiya asanu ndi limodzi. Ya malita 2.8 idayamba ndi 130 kW, 420 Nm pa yosintha magiya pamanja ndi 450 Nm pa yodzisinthira yokha. Mu 2020 adaikweza kufika pa 150 kW, ndipo yodzisinthira magiya idafika pa 500 Nm.

Nanga masekondi aja? Manambala amene adalengezedwa ku Britain, pa galimoto zopanda katundu, amaonetsa kuti ya 3.0 D-4D imatenga pafupifupi masekondi 12, ya 2.4 pafupifupi 13, ndipo ya 2.8 yokwezedwa ija pakati pa 10 ndi 11. Za dizilo zakale zopanda turbo zimapitirira masekondi 15.

Pali phunziro loyamba pamenepa. Galimoto yatsopano siikhala yachangu nthawi zonse kuposa yakale. Revo ya 2.4 ili ndi kW yochepa kuyerekeza ndi Vigo ya 3.0, ndipo zikapikisana zopanda katundu Vigo ingathe kutsogola. Chimene mukugula ndi injini, osati chaka.

Chenjeraninso ndi thupi latsopano lokhala ndi injini yakale. Injini ya 5L-E, yopanda turbo, idapitiriza kuikidwa m'matupi a Vigo ndi Revo opangira mayiko ena a mu Africa. Galimotoyo imaoneka yamakono koma mphamvu yake ndi 70 kW yomwe ija. Kuti mudziwe, onani zilembo za mtundu wa galimoto pa kachitsulo kamene opanga amakhomerera pathupi lake. LN kapena LAN ndi injini za gulu la L, KZN ndi KZ-TE, KUN ndi D-4D, GUN ndi GD, pamene TGN ndi petulo. Pa Vigo, KUN15 ndi KUN25 ndi za 2.5, pamene KUN16 ndi KUN26 ndi za 3.0. Pa Revo, GUN125 ndi ya 2.4 ndipo GUN126 ndi ya 2.8. Chikwangwani cha pachitseko aliyense angamate, koma zilembozi sizinama pokhapokha injini itasinthidwa, n'chifukwa chake nambala ya injini izigwirizana ndi imene ili m'mapepala a galimoto.

Tsopano ikani katundu

Mphamvu ya injini payokha siinena zambiri. Chofunika ndi kudziwa kuti mphamvuyo ikukoka zolemera bwanji. Samu yake njosavuta: gawani kW ndi kulemera kwa galimoto m'matani.

Tiyerekeze kuti galimoto iliyonse, pamodzi ndi dalaivala, ikulemera makilogalamu 1,800. Tikaikamo matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 lililonse, tawonjezera tani imodzi ndipo zonse zafika pa 2,800. Mphamvu pa tani iliyonse ikhala motere, nambala yoyamba galimoto ili yopanda kanthu, yachiwiri itadzaza:

5L ya 70 kW: 39, ikadzaza 25
2.5 D-4D ya 75 kW: 42, ikadzaza 27
KZ-TE ya 85 kW: 47, ikadzaza 30
2.4 GD ya 110 kW: 61, ikadzaza 39
3.0 D-4D ya 120 kW: 67, ikadzaza 43
2.8 GD ya 130 kW: 72, ikadzaza 46
2.8 GD ya 150 kW: 83, ikadzaza 54

Tagwiritsa ntchito kulemera kumodzi kuti samu ioneke bwino. Kunena zoona, mibadwo yatsopano njolemerako kuposa yakale, choncho kusiyanaku kumachepa pang'ono. Inu muwerengere ndi kulemera kolembedwa m'mapepala a galimoto imene mukufuna.

Yang'anitsitsani mndandandawu. Tani imodzi ya katundu imachotsa gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a changu cha galimoto iliyonse. Vigo ya 3.0 yodzaza matumba imayenda ngati Vigo ya 2.5 yoyambirira yopanda kanthu. Revo ya 2.4 yodzaza ili ndi changu chofanana ndi 5L yopanda kanthu. Ndipo kuchoka pa 5L kupita pa 2.5 D-4D ya 75 kW, kusiyana kwa kW n'kochepa kwambiri, ngakhale mtengo wogulira umasiyana. Kudumpha kwenikweni kuli pakati pa gulu la 70 mpaka 85 kW ndi gulu la 106 kW kupita m'mwamba. Ngati mukuwonjezera ndalama chifukwa cha mphamvu, onetsetsani kuti mwawoloka mzere umenewu.

Chitunda ndi mpweya

Dziko lathu si lathyathyathya. Wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre amakwera kuchoka kuchigwa cha Shire kufika pamtunda wa mamita oposa 1,000. Wochokera ku Karonga ndi mpunga amakumana ndi chitunda cha Chiweta. Wonyamula nsomba kuchokera kunyanja kudzera ku Golomoti amakwera mpaka ku Dedza, pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere.

Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse amene yakwera. Ndiye kuti 5L ya 70 kW ikafika ku Dedza imatsala ndi pafupifupi 60 kW. Gawani ndi matani 2.8, mupeza 21 yokha. N'chifukwa chake mumaona pikapu zakale zikukwawa ndi giya yachiwiri, utsi wakuda uli tolotolo: mafuta akulowa koma mpweya wowawotcha ukuchepa. Turbo imakankhira mpweya wambiri m'injini, motero galimoto yokhala nayo siitaya mphamvu yochuluka chonchi.

Phunziro lachiwiri ndi limeneli: msewu wanu ndiwo ukuuzeni ngati turbo ikufunika. Wozungulira pakati pa Mitundu ndi Lilongwe, kapena Lunzu ndi Limbe, vuto la mpweyali salimva ngati mmene amalimvera wokwera Chiweta katatu pasabata.

Pamene changu chimathandiza ndi pamene sichithandiza

Tiyambe ndi pamene sichithandiza. Paulendo wa makilomita 100, monga wa Salima kupita ku Lilongwe, galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 70 pa ola imatenga pafupifupi mphindi 86. Yoyenda pa 80 imatenga mphindi 75. Kusiyana kwake ndi mphindi 11 basi, ndipo zimenezi zimathera pa rodibuloko imodzi kapena pamalo pamene mwaima kugula chimanga chootcha. Masekondi atatu amene galimoto ina imaposera inzake ponyamuka alibe ntchito pa ulendo wotere. Amene akufuna kupeza malo abwino pamsika alawirire m'mamawa, asadalire injini.

Changu chimagwira ntchito popitirira thiraki pamsewu wopapatiza ngati M1, ndipo apa nkhani yake ndi ya moyo. Tiyerekeze thiraki yotalika mamita 20 ikuyenda pa 60. Kuti muipitirire n'kubwerera kumbali yanu bwinobwino, muyenera kuiposa ndi mamita pafupifupi 60, kuphatikizapo mpata wa kumbuyo ndi kutsogolo. Ngati galimoto yanu ingathe kuyenda pa 80, mukuiposa ndi makilomita 20 pa ola, ndipo mutenga masekondi pafupifupi 11. Pa nthawi imeneyi mwayenda mamita 240 kumbali ya eni ake, ndipo galimoto yochokera kutsogolo pa 80 yayendanso 240. Mufunika msewu woonekera wa pafupifupi theka la kilomita.

Koma ngati galimoto yodzaza ikungofika pa 70, mukuiposa thirakiyo ndi makilomita 10 okha pa ola. Mutenga masekondi pafupifupi 22, muyenda mamita 420, ndipo yakutsogolo iyenda 480. Msewu wofunika wafika pa mamita 900. Malo oongoka otalika chonchi ndi ochepa pa misewu yathu. Dalaivala wa pikapu yakale amene amapitirira ngati ali pa yamphamvu ndi amene amaika pachiswe katundu, anthu ndi mpamba wonse. Galimoto yofooka si yoopsa payokha, imangofuna dalaivala wodekha amene angatsatire thiraki makilomita asanu osapsa mtima.

Kumbukiraninso kuti mphamvu ya injini yakwera kwambiri m'mibadwoyi, koma kumbuyo kwa pafupifupi zonse kukadali mabuleki a m'ng'oma ndi masipuling'i amasamba. Mtunda woimira umakula mofulumira kuposa liwiro: mukachoka pa 60 kufika pa 90, mtunda umene mabuleki amafunika kuti aimitse galimoto umaposa kawiri. Potsika mtsetse ndi katundu, ikani giya yotsika kuti injini ithandize kugwira galimoto. Mabuleki opondedwa mosalekeza amatentha n'kusiya kugwira.

Mphamvu ili ndi mtengo wake

Chifukwa chiyani injini ya malita 2.4 ya masiku ano imaposa ya malita 3.0 ya kale? Yankho ndi turbo komanso njira yoperekera mafuta. Kuyambira pa D-4D, dizilo amapanikizidwa kwambiri mu paipi imodzi, ndipo kompyuta ndiyo imauza ma injector nthawi ndi muyeso wopopera. Mafuta amapsa bwino, mphamvu imachuluka, ndipo kawirikawiri galimoto imamwa mafuta ochepa.

Koma ma injector amenewa ali ndi timabowo tating'ono kwambiri, ndipo sagwirizana ndi fumbi kapena madzi. Mafuta akasowa pamapampu, ambiri timathamangira a m'zigubu. Injini yachikale ingapirire dizilo wokayikitsa kwa kanthawi, ngakhale nayonso imaonongeka. Ya D-4D kapena GD imalanga msanga, ndipo ma injector anayi pamodzi ndi pampu angadye phindu la miyezi ingapo. Mwini galimoto yotere asamanyalanyaze sefa yamafuta, ndipo nyali yochenjeza za madzi ikayaka aime n'kuwakhetsa.

Chachiwiri ndi lamba wa taimingi. Injini za gulu la L, KZ-TE ndi D-4D zimagwiritsa ntchito lamba amene ayenera kusinthidwa pa nthawi yake. Pa D-4D ndi makilomita 150,000 aliwonse. Lambayu akaduka galimoto ikuyenda, injini imaonongeka kwambiri. Injini za GD zili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Pogula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani kuti lamba adasinthidwa liti. Ngati palibe umboni, ikani mtengo wa lamba pa bajeti yanu ndipo muugwiritse ntchito ponenerera.

Chachitatu ndi za galimoto zoitanitsa kuchokera ku Britain ndi mayiko ena a malamulo okhwima pa utsi. Zambiri zatsopano zimakhala ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa galimoto ikayenda ulendo wautali injini itatentha. Ngati ntchito yanu ndi yoyenda pang'ono n'kuima m'tauni, sefayi imatsekeka ndipo mphamvu imatsika. Zina zimafunanso madzi apadera otchedwa AdBlue. Funsani izi musadalipire.

Chachinayi ndi makaniko. Injini ya 3L kapena 5L ingakonzedwe pansi pa mtengo pafupifupi pa boma lililonse. Ya GD imafuna makina owerengera kompyuta yake ndi munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito. Galimoto ikafera kutali ndi tauni itanyamula nsomba zaziwisi, funso silikhalanso la masekondi koma la amene angaidzutse dzuwa lisadalowe. Komabe musaiwale mbali inayo: galimoto ya 1995 yadutsa zaka pafupifupi 30, ndipo ngakhale injini yake njosavuta, zina zonse zatopa. Tsiku lililonse limene yagona kugalaja ndi tsiku limene mukulipira hayala kwa wina.

Werengerani pa thumba limodzi

Wamalonda sayesa galimoto ndi liwiro koma ndi ndalama imene thumba limodzi ladya kuti lifike pamsika. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu.

Ulendo ndi wa makilomita 200 kupita ndi kubwera. Pikapu yakale ya kabini imodzi ikumwa malita 11 pa makilomita 100, ndiye kuti malita 22 ulendo wonse. Yanyamula matumba 20, choncho thumba lililonse ladya malita 1.1. Yatsopano ya kabini imodzi ikumwa malita 9 pa makilomita 100, malita 18 ulendo wonse, thumba lililonse malita 0.9. Mwapulumutsa malita 4 pa ulendo. Mukayenda maulendo 12 pamwezi ndi malita 48, pachaka malita 576. Chulukitsani 576 ndi mtengo wa dizilo umene bungwe la MERA lalengeza, mupeza ndalama imene galimoto yatsopano ikupulumutsirani pachaka. Kenaka tengani kusiyana kwa mitengo yogulira galimoto ziwirizo, mugawe ndi ndalama imeneyi. Yankho lake ndi zaka zimene zidzadutse kuti mafuta okha abweze ndalama yowonjezerayo. Ngati yankho ndi zaka zitatu, ganizirani. Ngati ndi zaka 15, ndalamayo ikagwire ntchito pa katundu.

Tsopano onani msampha wa kabini ziwiri. Galimoto yotere imakongola ndipo imanyamula banja, koma bodi yake njaifupi, ndipo anthu amene akwera amawerengedwa pa katundu. Anthu asanu a makilogalamu 70 aliyense ndi makilogalamu 350, chimodzimodzi matumba 7. Ngati galimoto yatsopano ija ndi ya kabini ziwiri ndipo yanyamula matumba 14 okha, malita 18 kugawa ndi 14 ndi pafupifupi malita 1.3 pa thumba. Yakale ija, imene imaoneka yomwa mafuta, yaiposa.

Musathetse vutoli popachika matumba 30 pa galimoto ya tani imodzi. Injini yamphamvu idzakoka ndithu, ndipo apa m'pamene pali chinyengo chake: dalaivala samva kulemera pamene masipuling'i, matayala, kilatchi ndi mabuleki zikuvutika. Kulemera kololedwa kwalembedwa pa kachitsulo kaja, ndipo mukapyola mukuitana ngozi komanso chindapusa.

Poyesa galimoto musadagule

Safunsa adadya phula. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo chitani izi:

1. Pemphani kuti muipeze injini ili yozizira. Yolira movutikira m'mamawa ili ndi nkhani imene yotentha imabisa.
2. Yang'anani utsi. Wakuda wochuluka umasonyeza kuti mafuta sakupsa bwino, mwina chifukwa cha sefa ya mpweya, ma injector kapena turbo. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Woyera wosatha injini itatentha ungakhale madzi olowa m'injini kapena dizilo wosapsa.
3. Ikanimo katundu, ngakhale matumba 10 a mchenga. Wogulitsa akakana, dzifunseni chifukwa chake.
4. Pamsewu woongoka wopanda anthu, ikani giya yachinayi pa liwiro la 40 n'kuponda mafuta mpaka 80. Mnzanu awerenge masekondi pafoni. Chitani chimodzimodzi pa galimoto iliyonse imene mukuiganizira, pamalo omwewo ndi katundu yemweyo. Nambala iyi ndi yothandiza kuposa ya m'buku chifukwa ikukuuzani mphamvu imene yatsala lero.
5. Pa kuyesa komweku, ngati injini ikukwera kulira koma liwiro silikukwera, kilatchi yatha.
6. Kwerani chitunda chachitali maso ali pa muvi wa kutentha. Ukasuntha kupitirira pakati, galimotoyo idzakuvutani mu Okutobala.
7. Werengani zilembo za mtundu wa galimoto ndi nambala ya injini, muyerekeze ndi mapepala. Ngati mukuitanitsa kunja, funsani ku MRA za msonkho wake musadatumize ndalama.

Ndiye igulidwe iti?

Yankho lili pa msewu wanu, katundu wanu ndi mpamba wanu. Ngati maulendo anu ndi afupi, m'misewu yafumbi, katundu wosaola msanga monga chimanga, nyemba kapena mtedza, ndipo makaniko wodziwa kompyuta ali kutali, injini ya 5L yosamalidwa bwino ikukwanirani, bola dalaivala avomereze kuti idzayenda pang'onopang'ono. Ngati mumakwera zitunda sabata iliyonse ndi katundu woola msanga, funani ya turbo ya 106 kW kupita m'mwamba: 2.5 D-4D yamphamvuko ija, 3.0 D-4D kapena 2.4 GD, ndipo sungani padera ndalama ya sefa ndi dizilo wodalirika. Ya 2.8 ndi galimoto yamphamvu zedi, koma siinyamula matumba ochuluka kuposa ya 2.4 ya thupi lofanana. Phindu lake limaoneka kwa wokoka ngolo yolemera kapena woyenda maulendo ataliatali tsiku ndi tsiku. Za petulo zimakoka bwino zikazungulira kwambiri, koma zikadzaza katundu zimamwa mafuta ambiri kuposa za dizilo, makamaka V6 ija.

Ndipo ngati maulendo anu safika anayi pamwezi, werengeraninso bwino ngati kugula kukuposa hayala. Galimoto yoima imafunabe inshulansi, COF, batire ndi matayala.

Ntchito ya sabata ino nayi. Tengani kope, lembani makilomita a ulendo wanu wanthawi zonse, maulendo amene mumayenda pamwezi, matumba kapena madengu amene mumanyamula, ndi zitunda zimene mumakwera. Kenaka sankhani galimoto ziwiri zimene mukuzisirira, mupeze kW ya iliyonse, mugawe ndi kulemera kwake itadzaza, ndipo muwerengere malita pa thumba limodzi. Mukapita kwa wogulitsa, kopelo likhale m'manja.